Galimoto Imene Ndinagula Kuti Isafike Kwathu

Abambo anzanga, musanayambe kunong'onezana ndiyankhiretu. Inde, galimoto yotuwa yopindika chitseko imene yaima pansi pa mtengo wa mango panjapo ndi yanga. Inde, ndine yemwe uja munkamuona chaka chatha ndi yoyera yonyezimira, chigongono chili pawindo. Sanandilande, sindinaigwetsere m'phompho. Ndinachita kusinthanitsa ndekha, dzuwa likuswa mtengo, ndisanalawe kalikonse. Atcheya andipempha kuti ndifotokoze chifukwa nandolo wayenda bwino chaka chino, ndipo akuti ena mwa inu mafoni adzaza ndi zithunzi za magalimoto. Musazolike, sinditchula munthu. Wotchulidwa lero ndi mmodzi, ndipo waima kutsogolo kuno.

Kwa amene simundidziwa, ndine bambo a Chisomo, wa ku Nkhulambe. Ndikati wa ku Nkhulambe ndawonjezera pang'ono. Kwathu kobadwira ndi ku Chiwalo, ku Nkhulambe ndinapitira banja. Ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi limene yakhalapo ndi la apongozi anga, ndipo nkhani zikavuta pabanjapo amaweruza ndi alamu anga a Petulo, mwinimbumba. Ntchito yanga ndi yogula nandolo m'midzi n'kukagulitsa. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma kuwerenga sindinaleke. Ndimawerenga chilichonse: nyuzipepala yokulungira matemba, kapepala ka m'bokosi la mankhwala, ngakhale thumba la fetereza. Mayi a Chisomo amati tsiku la maliro anga ndidzadzuka kuti ndione ngati pamtanda alemba bwino.

Galimoto yanga yoyamba inali ya mtundu uja wa timagalimoto tating'ono koma totalika miyendo, tokoka ndi matayala onse anayi. Inali yakale, yobiriwira m'malo amene penti inatsalira. Anthu anaitcha Bulu. Tsono m'mudzi mwathu galimoto inali yokhayo, ndipo mukudziwa zimene zimatsatira. Mayi woyembekezera nthawi ikakwana, Bulu. Mwana akakomoka ndi malungo, Bulu. Bokosi la maliro, Bulu, chitseko chakumbuyo chomanga ndi chingwe. Pakati pa mudzi wathu ndi msika pali khwawa, ndipo msewu wotsikira kumeneko ndi wopanikizika, wa ngolo imodzi. Uku ndi uku kuli zipupa za dothi, pansi pali mizere iwiri yakuya ya matayala, pakati pake msana wotukuka ngati mzere wa mbatata. Bulu ankadutsapo ngati akupita kuchigayo, mvula kaya chilimwe.

Mwambo wathu mukuudziwa: mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso, sachezerana ngati anthu a msinkhu umodzi. Apongozi anga anausunga mwambowu mwaluso. Ankakwera kumbuyo nthawi zonse, ndipo akafuna kundiuza kanthu ankauza galimoto.

"Bulu iwe, uwauze eni ako achepetse liwiro. Ine si thumba la makaka."

Ine ndinkayankha ndikuyang'ana kutsogolo: "Bulu, uwauze amayi kuti uthenga wafika."

Zaka zinayi tinacheza choncho, ndipo ndikukuuzani, palibe mkamwini m'dera lonselo amene ankamvana ndi apongozi ake ngati ine. Tinakambirana za mbewu, za sukulu ya Chisomo, ngakhale za mphuno ya wansembe watsopano, zonse kudzera mwa Bulu.

Koma ndisaname, ndinatopa. Tsiku la msika linkatha ndili pabenchi yachipatala kudikira munthu amene si m'bale wanga. Mipando inkanunkha zinthu zimene sindingatchule m'nyumba ya Mulungu muno. Anzanga a bizinesi ndikawatenga ankatsegula mawindo onse osanena kanthu. Kutopako sikunali tchimo. Tchimo linali njira imene ndinasankha yopumira. Munthu wolongosoka akanaima pamaso pa anthu n'kunena kuti, abale, katunduyu wandilemera, tithandizane. Ine ndinapita ku Limbe.

Kumeneko, pakhonde la sitolo ina, ndinagula mulu wa magazini akale a zamagalimoto. Ndinawawerenga onse, dikishonale ili pambali, mpaka ndinafika poti makaniki wathu, a Jailosi, ndikayamba kuwafotokozera vuto ankangoti, "Aphunzitsi, ngati mukudziwa chonchi mwabweretseranji kuno?" Mwa zina zimene ndinaphunzira, timagalimoto timeneti tilipo mitundu iwiri. Tina ndi totalikadi miyendo. Tina tinangobwereka jekete: thupi kuoneka ngati ta kuthengo, koma mimba ili pafupi ndi pansi, ndipo timakoka ndi matayala akutsogolo okha.

Apa ndiye mutchere khutu, chifukwa kwa miyezi yambiri ndinkauza anthu kuti anandipusitsa. Sanandipusitse. Dobadoba amene anandipezera yoyera ija, munthu woti ntchito yake ndi kuyamikira ngakhale wilibala, anandichenjeza.

"Akulu, mwati ku Phalombe mbali iti?"

"Ku Nkhulambe, mkati ndithu."

"Ii, iyitu ndi ya paphula. Mvula ikangogwa, kwanuko sikafika."

"Mukutsimikiza?"

"Ndikulumbira."

"Ndiye ndi yomweyo," ndinatero.

Anandiyang'ana ngati ndamwa. Ndinali ndisanayambe.

Mwamva bwino, abale. Ndinagula galimoto yoti isafike kwathu. Ndinkafuna kuti munthu akagogoda ndizitha kumuuza kuti pepani, ndikanakonda, koma galimoto siingathe. Kukana ndi pakamwa panga ndinkachita nako manyazi, ndiye ndinagula chitsulo choti chizindikanira. Bulu ndinamusiya komweko, ndipo patapita masabata ndinamuona pamsika wathu womwe. Anamugula a Dayisoni, amene anayamba kumuyendetsa matola.

Yoyerayo anthu anaitcha Mkwatibwi, ndipo inali yokoma, zimenezo sindingabise. Mphepo yozizira, magiya osintha okha, kagalasi koonetsa zakumbuyo ngati kanema. Mipando inali yoyera ngati ufa woyera. Ndinkaipukuta ndi thaulo limene mayi a Chisomo ankasungira alendo. Tsiku lachitatu apongozi anabwera kuchokera kudimba, dengu la kalongonda lili pamutu, akufuna kupita kumsika. Ndinathamangira m'nyumba, ndinatuluka ndi nyuzipepala, ndinayala pampando, ndinayala popondera, ina ndinayala poika dengu. Iwo anaima n'kuyang'ana nyuzipepalazo nthawi yaitali.

"Pepa mwanawe," anauza galimoto, "sindimadziwa kuti ndiwe mlendo wolemekezeka chonchi. Ndiyenda wapansi."

Anasenzanso dengu lawo. Kuyambira tsiku limenelo ine ndi apongozi anga tinalibenso potumizirana mawu.

Zotsatira zake zinayenda mofulumira. Mvula itayamba, Mkwatibwi analephera kutsika khwawa, monga ndinkafunira. Panafunika malo omusungira kutsidya, ndipo pamsika ponse malo a mpanda ndi mlonda anali amodzi okha: kuseri kwa bala. Poyamba ndinkangopita kukamuona. Kukamuona kunabala kukhala pampando. Kukhala pampando kunabala botolo limodzi loti mwini malo asaone ngati ndikungomudyera mpanda. Pofika Khirisimasi ndinali ndi mpando wangawanga, ndipo ndinkawerengera anzanga nyuzipepala mokweza, iwo akunditcha pulofesa, ine ndikuwagulira. Alimi amene ankandisungira nandolo zaka zonse anayamba kulonjeza ena. Kuno kutchalitchi dzina langa linkaitanidwa, osayankhidwa. Mkazi wa mnansi wanga anachilira panjira, pansi pa mtengo, atamukweza panjinga. Nditamva ndinati, "Zachisoni, galimoto ili kutsidya." Anthu analeka kugogoda pakhomo panga, ndipo ine, wopusa ine, ndinkati ndapeza mtendere.

Tsopano ndichepetse liwiro, monga apongozi ankanenera.

Linali Lachiwiri, mwezi wa Febuluwale, dzuwa litakwera ndithu koma lisanafike pamutu. Mvula inali itagwa dzulo lake. Ndinali pampando wanga uja, foni n'kulira. Anali mayi a Chisomo.

"Bambo a Chisomo, amayi yawaluma njoka kumunda wa chinangwa. Mphiri. Mwendo ukutupa tikuona. Bwerani."

"Ndi, ndikubwera pompano, mayi."

"Mwamwa."

"Awiri okha."

Anadula foni.

Sanali awiri. Ndinalowa m'galimoto mowa uli m'mutu, chinthu chimene pachokha chikanatha kupha mwana wa munthu pamsikapo. Munthu wanzeru akanathamangira kwa a Dayisoni. Koma mwa ine munadzuka kamtima kofuna kuoneka: lero aone kuti mkamwini wafika ndi yoyera. Zonse zimene ndinawerenga, zonse zimene dobadoba analumbira, ndinaziiwala pakhomo la bala.

Ndinalowa mumsewu wopanikizika uja. Ndisanafike n'komwe pamadzi ndinamva pansi kuti khwee, kenako gwa. Mkwatibwi anakhala pamimba pamsana wa dothi uja, matayala akutsogolo akungozungulira, kumwaza matope m'zipupa. Ndinaponda mafuta, anakhazikika kwambiri. Ndinabwerera m'mbuyo, osasuntha. Ndinatuluka, ndipo tamverani zimene ndinachita: ndinavula nsapato n'kuzigwira m'manja, kuti polowanso ndisadetse popondera.

Ndili chiimire choncho ndinamva hutala kumbuyo. Liwu limenelo ndikanalizindikira ngakhale m'tulo. Anali Bulu. Mayi a Chisomo atangodula foni yanga anaimbira a Dayisoni.

"Achimwene, sunthani!"

"Sikusuntha."

"Kankhani!"

Tinakankha awiri, tinakumba ndi manja, tinaika miyala. Mkwatibwi anangokhala phee ngati ali paukwati wake. A Dayisoni anagwira m'chiuno, akupuma mwawefuwefu.

"Ndiye mwatseka mudzi wonsetu apa. Ine ndikanakhala nditafika kale."

Ankanena zoona. Kuchokera pamenepo kukafika kumunda, Bulu sakanatha mphindi zisanu. A Dayisoni anaimba foni kuti njira yatsekeka, awanyamule apongozi abwere nawo. Ndipo tinadikira. Sindikudziwa kuti inali nthawi yaitali bwanji, koma mowa wonse unathera pamenepo.

Kenako anatulukira kutsidya. Amuna anayi atasenza chitseko, a Petulo ali kutsogolo, mayi a Chisomo akuthamanga pambali atagwira chitenje chotchingira dzuwa. Chitsekocho ndinachizindikira: chinali cha nyumba yanga, a Petulo anachita kuchizula. Anawoloka madzi ofika m'maondo, anakwera mtunda, n'kufika pamene panali galimoto yanga. Malo odutsa panalibe. Ndinatambasula dzanja limodzi kuti ndigwireko, linalo lili ndi nsapato.

"Patukani, alamu," anatero a Petulo, osakweza mawu.

Anakweza chitseko pamwamba pa mitu yawo n'kuyamba kudzipanikiza pakati pa galimoto ndi chipupa, chammbali, phazi ndi phazi. Apongozi anadutsa pafupi nane kwambiri moti ndinaona thukuta pamphumi pawo. Mwendo unali utatupa ngati mtondo, wakuda mpaka m'bondo. Maso anali otseka. Ndinkaganiza kuti akomoka. Koma atafika pa denga loyera lija anatsegula maso, n'kukoka chitenje chawo chimene chinkalendewera.

"Usaope, woyera iwe," anatero motsitsa. "Sindikukhudza."

Atadutsa, anamva kulira kwa injini inayo. Anatembenuza mutu.

"Bulu, ndiwe? Ndimadziwa kuti ubwera."

Abale, ndawerenga zinthu zambiri pamoyo wanga, zina zolembedwa ndi anthu ophunzira kwambiri. Palibe chimene chinandilasa ngati mawu awiri amenewo, ndipo onse sanali opita kwa ine. Anawalowetsa mwa Bulu, a Dayisoni anabwerera chambuyo mtunda wonse, ine ndinatsala m'matope ndi chitseko cha nyumba yanga chotsamira pagalimoto. Palibe anandinyoza. Palibe anandiyang'ana n'komwe. Mkwatibwi anadzamukoka masana ndi ng'ombe ziwiri za ngolo.

Apongozi anakhala m'chipatala masabata atatu. Moyo unapulumuka, tithokoze Mulungu ndi anthu a kumeneko, koma zala ziwiri za kuphazi zinatsala komweko, ndipo lero amayenda ndi ndodo. Kodi zalazo zikanapulumuka ndikanapanda kutseka njira? Ndafufuza m'mabuku, yankho mulibe. Ndimangoyenda nalo funsolo.

Atatuluka, a Petulo anandiitana pabwalo la nyumba yanga yomwe. Pakhonde panali thumba la nandolo lomanga kukamwa. Munali bulangete langa ndi mabuku anga onse, ndi magazini aja omwe.

"Alamu," anatero, "ena akuti mkamwini ndi mlamba, tingokusiyani muterereke mubwerere ku Chiwalo. Ine ndati ayi, wolumidwa si ine. Thumba lanu ndi ilo. Likalowa m'nyumba, alowetsa ndi mawu a amayi. Likapita ku Chiwalo, apititsa ndi mawu a amayi. Pakadali pano muzigona mosungira nandolo."

"Nanga amayi anena liti?"

"Muwafunse," anatero a Petulo, akudziwa bwino kuti ndinalibe powafunsira.

Apa ndi pamene ndinayambira kukwera, ndipo ndikuuzani mmene ndinachitira, mwina wina zimuthandiza.

Ndinayamba ndi kuchotsa galimoto kubala. Ndinakaisiya kugalaja ya a Jailosi, makiyi n'kuwapatsa iwo. Ndinapeza kuti ludzu langa linali ndi malo ake ndi mpando wake, ndipo nditaleka kupita kumaloko linayamba kufota. Sindinena kuti zinali zophweka. Mwezi wa Epulo ndinaterereka kamodzi paukwati wa mwana wa mnzanga, ndipo m'mawa mwake ndinakadzinenera ndekha kwa mayi a Chisomo asanamve kwa ena. Kuchokera tsiku limenelo sindinalawenso. Ena a inu nkhondo yanu ndi yaikulu kuposa yangayi. Musaimenye nokha, ndipo musaimenyere pafupi ndi mpando wanu wakale.

Chovuta kwambiri chinali kusiya bodza lija lakuti anandipusitsa. Ndinapeza mayi a Chisomo akusenda chinangwa kuseri kwa khitchini, ndinakhala panjerwa patali pang'ono.

"Mayi, pali zoti ndinene. Galimoto ija ndinkadziwa kuti siidzafika kuno. Ndinaigulira chomwecho."

Sanasiye kusenda. "Ndinkadziwa."

"Munkadziwa?"

"Munthu wowerenga thumba la fetereza mpaka kumapeto angagule galimoto osawerenga? Ine ndimangodikira kuti mudzanena liti." Anaponya chinangwa m'beseni. "Mowa sunandiwawe kwambiri, bambo a Chisomo. Zinandiwawa ndi nyuzipepala zija. Amayi anga anakupatsani malo omanga nyumba osayalapo kanthu."



Kenako ndinapita kwa a Dayisoni kukapempha kuti andibwezere Bulu, atenge yoyera. Anaseka mpaka kutsamira pa boneti.

"Achimwene, mkazi mukamusiya nokha, musamadzamuzonde akanenepa kwa mnzanu. Ndipo yoyerayo ine ndizinyamulira chiyani, makeke?"

Choncho ndinabwerera kwa a Jailosi, ulendo uno pakamwa nditatseka. Iwo anati tifufuze limodzi, koma mabuku ndisiye kunyumba. Anangotenga njerwa imodzi n'kuiika m'chikwama. Galimoto iliyonse imene tinkakaona, ankagwada, n'kuimika njerwayo choongoka pansi pa mimba, pamalo otsikitsitsa. Ikakana kulowa, ankadzuka n'kusasa fumbi m'maondo, "Tiyeni." Ogulitsa ena ankakwiya, ena ankaseka. Zinayi zinalephera mayeso a njerwa. Yachisanu inali yotuwayi, ya mayi wina wogwira ntchito muofesi ku Blantyre, imene bambo ake anamusiyira. Njerwa inalowa, pamwamba n'kutsala malo a dzanja. A Jailosi anaikweza pa jeke kuti aone ngati matayala onse anayi akukokadi, anamvetsera injini itazizira, ananunkhiza oyilo ngati akugula uchi. Mayiyo ankafuna yopepuka ya m'tauni, ine ndinkafuna ya kumudzi. Tinasinthana, mapepala tinakasinthitsa mwadongosolo, aliyense n'kupita kwawo. Mkwatibwi sanalakwe kanthu, abale. Paphula ndi galimoto yabwino zedi. Ndinangomukwatitsa kolakwika.

Chotsiriza ndi chimene ndinayenera kuchita poyambirira penipeni. Ndinapempha a Petulo kuti asonkhanitse anthu a m'mudzi, ndipo ndinawauza zoona: kuti ndinatopa, kuti ndinathawa, ndi kuti sindikufuna kudzathawanso. Ndinkayembekeza mkangano. Mayi wina anangoti, "Nanga simunanene bwanji?" Tinagwirizana zinthu zochepa. Kwa a Petulo kumakhala chigubu cha petulo chimene mudzi umadzaza, cha matenda ndi maliro basi. Tsiku la msika za ukwati ndi za mpira sindinyamula, ndipo ndimakana ndi pakamwa pangapa, osanamizira chitsulo. A Petulo akuphunzira kuyendetsa kuti ndikachokapo galimoto isakhale chiphadzuwa chapakhomo. Mayi a Chisomo nawo ayamba, ndipo ndi chisoni ndikukudziwitsani kuti amasintha magiya bwino kuposa alongo awo.

Tsono yotuwayi ndakhala nayo miyezi itatu, ndipo ofuna kugula mumve zabwino ndi zoipa zomwe. Imamwa mafuta kuposa yoyera ija, zimenezo ndaziona msanga. Paphula ikathamanga imanjenjemera ngati ili ndi malungo, moti imandikakamiza kuyenda mwaulemu. Chitseko chakumbuyo chimalowetsa fumbi: mukakwera mutavala zakuda mumatsika muli ofiira. Wailesi yake imagwira nyumba ziwiri zokha zoulutsira mawu. M'mawa uliwonse ndikailiza, mumatuluka mawu a mayi wina wolankhula Chijapani. Ndayesa kufufuza zimene amanena, sindinapeze, ndiye ndimangoyankha kuti, "Ndadzuka bwino, kaya inu." Buku lake nalo ndi la Chijapani. Ndi buku loyamba kundigonjetsa, ndipo mwina Mulungu anachita dala.

Koma kukwera, imakwera. Sabata ija ya chiperoni, msewu wa kukhwawa uli phala lokhalokha, ndinatsika ndi matumba asanu ndi limodzi a nandolo ndi anthu atatu, mtima uli m'mwamba. Pamalo paja ndinatchera khutu kudikira kuti khwee. Sindinamve kanthu. Mvula yeniyeni sinaiyese, imeneyo tionana mu Disembala, koma njerwa sinama, ndipo ine mantha ndilibe. Kumbuyo ndinayala tenti yochapika, osati nyuzipepala. Yanyamulapo kale odwala anayi ndi bokosi limodzi. Yayamba kununkha ngati galimoto ya munthu wokhala ndi anthu.

Komabe miyezi yonseyi thumba lija linali pakhonde. Wina analiika panjerwa n'kulifunditsa pepala lapulasitiki, sindinafunse kuti ndani. Ine ndinkagonabe mosungira nandolo, ndipo nyengo yogula itafika matumba anayamba kundipanikiza mpaka ndinkagona chopinda ngati nkhono. Apongozi galimoto yatsopanoyi sanaiyang'ane n'komwe. Tsiku lokaonedwa phazi kuchipatala ankatuma mdzukulu kukaitana a Dayisoni, Bulu n'kudzawatengera pakhomo pomwe, yanga ili poteropo. Ndinkangochotsa chipewa.

Masabata awiri apitawo, Lachinayi m'mawa, ndinali kuthira madzi m'galimoto. Ndinamva ndodo kumbuyo kwanga, go, go, go. Ndinapatuka n'kuyang'ana kumbali monga mwa mwambo. Apongozi anaizungulira galimoto yonse pang'onopang'ono. Anagogoda tayala ndi ndodo. Anaweramira pansi kuona mimba. Anafika pachitseko chopindika chija, anachisisita ndi dzanja.

"Iwenso unagwapo eti?" anatero.

Anatsegula okha. Anali atachokera kudimba, mapazi ali matope, m'khwapa muli nkhuku yopita nayo kwa mng'ono wawo. Anakwera, anakhala, anaponda pamene anafuna. Ine ndinalowa kutsogolo. Nditaliza injini, mayi wa Chijapani uja analankhula zake.

"Ameneyo ndani?" anafunsa apongozi. "Chabwino, bola ali ndi ulemu, amapereka moni."

Tinanyamuka. Tinatsika kukhwawa, tinawoloka, tinayamba kukwera mtunda wa kutsidya. Titafika pamalo paja, pakati pa zipupa ziwiri, anagogoda denga ndi ndodo. Ndinaima. Nkhuku yokha ndi imene inkamveka.

"Iwe wotuwa," anatero, "dzina lako sindikulidziwa, ndipo sindifulumira kukupatsa. Koma uwauze eni ako kuti thumba lili pakhonde lija alilowetse m'nyumba. Mvula ili pafupi, chiswe chingadye mabuku. Munthu wake uja popanda mabuku angayambe kutiwerenga ife."

Ndinayankha ndikuyang'ana kutsogolo:

"Wotuwa, uwauze amayi kuti uthenga wafika."

"Uwauzenso achepetse liwiro."

Tinali titaima, abale. Koma ndinati wamva.

Ndiye inu amene mafoni adzaza zithunzi, gulani, sindikuletsani, galimoto ndi yabwino. Koma musanapereke makiyi akale, dzifunseni chimene mukuthawa, chifukwa ine ndinasinthanitsa kawiri ndisanadziwe kuti chofunika kukonza chinali kumpando wa dalaivala. Njerwa ija a Jailosi anandipatsa, ili m'galimoto panjapo pansi pa mpando. Wofuna kubwereka andipeze tikatuluka, koma mufulumire. Apongozi ali kumsika ndi nkhuku ina, ndipo anauza wotuwa kuti asachedwe.